Ulendo wotsata maso a madokotala a khungu, kuchokera ku Paris mpaka ku Vienna

Lolemba, Paris

Chipatala cha Saint-Louis chili pafupi ndi ngalande ya Saint-Martin, ndipo munthu akalowa pachipata amafika pabwalo lalikulu la ngodya zinayi lozunguliridwa ndi nyumba za njerwa ndi miyala, zimene Mfumu Henri IV inalamula kuti zimangidwe mu 1607 pofuna kupatula anthu odwala mliri. Ulendo wathu tauyambira pano, ine ndi aphunzitsi anga akale amene moyo wawo wonse wa ntchito anauthera pa maikulosikopu akuyeza tizidutswa ta khungu, chifukwa tinagwirizana kuti tisanakambe za mapulogalamu a AI (nzeru zopangira makompyuta) amene akuti akuzindikira matenda a pakhungu, tiyambe taona mmene madokotala ankaphunzitsira maso a anzawo makompyuta asanabwere.

Amene anasandutsa chipatalachi kukhala sukulu ya matenda a pakhungu ndi Jean-Louis Alibert, yemwe anayamba ntchito pano mu 1801 ndipo ankaphunzitsira panja, pansi pa mitengo, akuitana odwala mmodzimmodzi kuti ophunzira aone ndi maso awo. Vuto la kaphunzitsidwe kotereka n'lodziwika kwa aliyense amene anaphunzitsapo ku wodi. Wodwala amachira, kapena kuchoka, kapena kumwalira, ndipo matenda osowa amene wophunzira wa chaka chino waona, wa chaka chamawa sadzawaona. Poyesa kuthetsa vutoli, dokotala Charles Lailler anapeza mmisiri wina dzina lake Jules Baretta, amene ankapanga zipatso zongoyerekezera, n'kumupempha kuti luso lakelo alitembenuzire pakhungu la odwala. Baretta ankamata pulasitala pamalo odwalawo kuti atenge chikombole, kenako ankathiramo sera wa mitundu yosiyanasiyana mpaka chilonda, thuza kapena chotupa chioneke monga chinalili pathupi. Kasakanizidwe ka serayo sanakaulule kwa munthu.

Zoumba zimenezi zili m'chipinda chachitali cha makabati agalasi, chimene chinatsegulidwa mu 1889 pamsonkhano woyamba wa madokotala a khungu a mayiko onse, ndipo zilipo pafupifupi 4,800. Mbali ina yaikulu ndi ya chindoko, nthenda imene inkadzaza zipatala m'zaka zimenezo. Ndinayenda pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa ngakhale ndi sera, nkhope iliyonse inali ya munthu weniweni amene anakhala chete kudikira pulasitala aume pabala lake. Pansi pa choumba chilichonse pali kapepala kolembedwa dzina la nthendayo, ndipo aphunzitsi anaima nthawi yaitali akuwerenga timapepalato kusiyana ndi kuyang'ana zoumbazo. Atandiona ndikudabwa anati, "Adokotala, mmisiri waumba bwino, koma amene wanena kuti ichi n'chakuti ndi dokotala. Iye akalakwitsa palemba ili, aliyense wophunzira pachoumbachi alakwitsa naye." Ndikuona kuti mawu amenewa ndi amene atitsogolere sabata yonseyi, pakuti pulogalamu ya AI nayonso imaphunzira pa zinthu ziwiri zomwezi, chithunzi ndi dzina limene dokotala wachipatsa.

Chinthu china chimene sindikanatha kuchilambalala n'chakuti pafupifupi khungu lonse m'makabatiwo ndi loyera. Sindikuwaimba mlandu anthu a nthawiyo, chifukwa ankaumba odwala amene ankabwera pakhomo pawo. Koma kufiira kumene kukuoneka bwino pa sera ameneyu, pakhungu lakuda kumaoneka ngati kudera, kutuwa kapena mtundu wa pepo, ndipo dokotala amene anaphunzira kufunafuna kufiira kokha akhoza kudutsa pa kutupa kwakukulu osakuona.

Lachiwiri, m'sitima yopita ku Basel

Sitima yanyamuka pa Gare de Lyon m'mawa, ndipo maola atatu a ulendowu tawathera pa kafukufuku amene anayambitsa phokoso lonse la AI pankhani ya khungu. Mu 2017 gulu la pa yunivesite ya Stanford, lophatikiza akatswiri a kompyuta monga Andre Esteva ndi madokotala a khungu monga Roberto Novoa, Justin Ko ndi Susan Swetter, linafalitsa zotsatira zake m'magazini ya Nature. Anatenga pulogalamu imene inali itaphunzira kale kusiyanitsa zinthu wamba pa zithunzi zoposa miliyoni imodzi, n'kuiphunzitsanso ndi zithunzi za khungu 129,450 za matenda 2,032. Ataiyesa pa funso lakuti banga ili ndi khansa kapena ayi, inafanana ndi madokotala a khungu 21 amene anaonetsedwa zithunzi zomwezo.

Kaphunziridwe ka pulogalamu yotereyi n'kofunika kukamvetsa, chifukwa mphamvu zake ndi zofooka zake zimachokera pamodzi. Palibe munthu amene amaiuza kuti melanoma, khansa yoopsa ya pakhungu, imakhala ndi m'mphepete mokhotakhota kapena mitundu ingapo. Imaonetsedwa chithunzi, imalosera, imauzidwa yankho lolondola, ndiyeno imasintha pang'ono manambala ambirimbiri a mkati mwake kuti ulendo wina isaphonye chimodzimodzi. Zikabwerezedwa kambirimbiri, imafika pogwira chilichonse chimene chimayendera limodzi ndi yankho lakuti khansa, kaya chinthucho chili pakhungu kapena chili pambali.

Apa m'pamene panaonekera ntchito ya dokotala. Madokotala a gulu lomwelo anachenjeza kuti zithunzi zokhala ndi rula pambali pa banga zinkakopa pulogalamu kunena kuti ndi khansa. Chifukwa chake n'chapafupi kwa munthu amene anagwirapo ntchito m'chipinda choonera odwala: dokotala amatulutsa rula akakayikira banga, ndipo timadontho timene sakutikayikira amangotijambula osayeza. Katswiri wa kompyuta akanatha kuona manambala okongola n'kukhutira, koma amene akudziwa chifukwa chimene rula imalowera pachithunzi ndi amene amaigwira m'manja.

Tafika ku Basel, mzinda wa ku Switzerland, masana, mvula ikuwaza pang'ono pamtsinje wa Rhine.

Lachitatu, Basel

Chimene chatibweretsa mumzinda uno si nyumba yakale ayi, koma ntchito imene ofufuza a pa yunivesite ya Basel anachita pamodzi ndi madokotala a ku Madagascar, Guinea, Malawi ndi Tanzania. Mu 2024 anatulutsa nkhokwe ya zithunzi yotchedwa PASSION, ya zithunzi 4,901 za odwala 1,653 a khungu lakuda, ambiri mwa iwo ana, ndipo matenda ake ndi amene amadzaza mizere ya zipatala zing'onozing'ono: mphere, zipere ndi matenda ena a mafangasi, nthenda yoyabwa ya eczema, ndi zilonda za mabakiteriya zotchedwa impetigo. Tatha mmawa wonse m'laibulale tikuwerenga mmene anasonkhanitsira zithunzizo, ndipo ndinasangalala kuona matenda wamba akupatsidwa ulemu umene nthawi zambiri umapita kwa khansa yokha. Mwana amene sakugona usiku chifukwa cha kuyabwa kwa mphere, n'kumakanda mpaka zilonda kulowa mabakiteriya amene angathe kudzavulaza impso, akufunika diso lodziwa monga mmene akulifunira munthu wa banga lokayikitsa.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa zithunzi 4,901 zimenezi, ayenera kudziwa mpata umene zikuyesa kutseka. Ofufuza a ku Oxford, motsogozedwa ndi David Wen, anapenda nkhokwe 21 za zithunzi za khansa ya pakhungu zimene aliyense angathe kuzipeza, zokhala ndi zithunzi 106,950. Pa zithunzi 2,436 zimene zinalembedwa mtundu wa khungu, khumi zokha zinali za khungu lodera, ndipo chimodzi chokha chinali cha khungu lakuda. Ngakhale muyeso umene timagwiritsa ntchito pogawa mitundu ya khungu unayamba ndi mpata womwewu. Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anaukonza mu 1975 kuti adziwe mlingo wa kuwala wochizira odwala a khungu loyera, ndipo magulu a anthu a khungu lodera ndi lakuda anawonjezedwa pambuyo pake. Dokotala Adewole Adamson ndi katswiri wa kompyuta Avery Smith anali atachenjeza kale mu 2018 kuti mapulogalamu ophunzira pa zithunzi zotere adzasiya m'mbuyo anthu amene sanajambulidwe.

Ena amati nkhawayi ndi yaing'ono chifukwa melanoma siichuluka mwa anthu akuda. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ikabwera imakonda malo amene dzuwa silifika, monga kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, ndipo kawirikawiri imazindikirika mochedwa, munthu atayenda miyezi akuganiza kuti ndi bala la minga. Palinso abale athu achialubino, amene khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa imawagwira akadali achinyamata. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti vutoli lili ndi mankhwala. Mu 2022 dokotala Roxana Daneshjou ndi anzake ku Stanford anasonkhanitsa zithunzi 656 za makungu osiyanasiyana, chilichonse chotsimikizidwa ku labotale, ndipo anaonetsa kuti mapulogalamu otchuka ankafooka pakhungu lakuda, komanso kuti ataphunzitsidwanso ndi zithunzi zoyenera, kusiyanako kunachepa kwambiri.

Madzulo aphunzitsi anandikumbutsa mbali imene ine, chifukwa cha changu, ndimafulumira kuidutsa. Chithunzi cha khungu ndi chithunzi cha munthu, ndipo nthawi zina ndi cha malo obisika a thupi lake kapena cha mwana wake. Kholo liyenera kuuzidwa m'chilankhulo chimene likumva kuti chithunzicho chipita kuti, adzachione ndani, ndiponso kuti likakana mwana wake athandizidwabe chimodzimodzi. Amene angafunse chilolezo chotere moona mtima ndi dokotala kapena namwino amene wodwalayo akumudziwa ndipo adzabwereranso kwa iye.

Lachinayi, Heidelberg

Tatsata chigwa cha Rhine kulowera kumpoto, tinasintha sitima ku Mannheim, ndipo tinafika mumzinda wa yunivesite yakale kwambiri ya Germany, imene inayamba mu 1386. Zipatala zake zatsopano zili kutsidya kwa mtsinje wa Neckar, ku Neuenheimer Feld, ndipo tinawoloka mlatho wapansi kukaona dera limene kunachokera kafukufuku muwiri amene ndimakonda kuwawerenga motsatizana, chifukwa wachiwiri amadzudzula woyamba ngakhale anachokera m'gulu limodzi.

Woyamba ndi wa Holger Haenssle ndi anzake, wa mu 2018. Anapikisanitsa pulogalamu ndi madokotala a khungu 58 a m'mayiko 17 pa zithunzi 100 za mabanga, ndipo pulogalamuyo inaposa ambiri mwa iwo. Manyuzipepala a padziko lonse analemba kuti makina agonjetsa madokotala. Koma aliyense amene amaona odwala akudziwa kuti mayeso amenewo si ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Dokotala saona chithunzi chimodzi chosankhidwa kale. Amavula wodwala malaya, amayang'ana msana wonse kuti apeze banga limene likusiyana ndi anzake, amalikhudza kuti amve ngati lili lolimba, amafunsa ngati lakula, ngati limatuluka magazi, ngati pabanja panali wina wodwala khansa. M'kafukufuku yemweyo, madokotala atauzidwa zaka za wodwala, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi malo a bangalo pathupi, anayamba kulondola kuposa poyamba.

Wachiwiri ndi wa Julia Winkler ndi gulu lomwelo, wa mu 2019, ndipo ndi umene umandichititsa kuwalemekeza. M'malo mokhala pansi n'kumadya ulemerero, anafunafuna pamene pulogalamu yawo ingapunthwe. Madokotala ochita opaleshoni amakonda kulemba chizindikiro pambali pa banga ndi cholembera cha mankhwala a pepo aja a GV. Ofufuzawo anajambula timadontho tabwinobwino tisanalembedwe ndiponso titalembedwa, n'kuonetsa pulogalamu zithunzi zonse ziwiri. Popanda chizindikiro, inkazindikira molondola pafupifupi 84 pa timadontho 100 tosaopsa, koma chizindikiro chitalembedwa chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 46. Khungu linali lomwelo ndipo banga linali lomwelo, koma inki yokha inasandutsa munthu wabwinobwino kukhala woganiziridwa khansa. Kuseri kwa manambala amenewa kuli anthu amene akanadulidwa popanda chifukwa, n'kutsala ndi chipsera ndi masabata a mantha podikira zotsatira.

Tili pabenchi m'mbali mwa mtsinje ndinafunsa aphunzitsi ngati zimenezi sizikutanthauza kuti mapulogalamuwa ndi osadalirika. Anakana. Anati chida chilichonse chimene anagwiritsapo ntchito chinali ndi mabodza ake, ngakhale maikulosikopu imaonetsa zinthu zimene si matenda ngati kachidutswa kadulidwa molakwika kapena kapakidwa utoto wambiri, ndipo luso la dokotala ndi kudziwa mabodza a chida chake. Chimene iwo amakana ndi chida chimene mwini wake salola kuti ena achiyese pa odwala awo.

Lachisanu, Munich

Tsiku la lero linali lalifupi chifukwa theka lake lathera m'sitima, koma mzinda uno sitikanaudumpha. M'thumba la dokotala wa khungu aliyense masiku ano mumakhala dermatoscope, kachipangizo ka galasi lokuza ndi nyali kamene kamaikidwa pakhungu kuti munthu aone timizere, timadontho ndi timitsempha ta magazi tobisika pansi pa khungu lapamwamba. Maganizo oyang'ana khungu la munthu wamoyo ndi galasi lokuza ndi akale, ndipo Johann Saphier analemba za njirayi cha m'ma 1920, koma zipangizo zake zinali zazikulu ndi zovuta kunyamula. Kuno ku Munich, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Wilhelm Stolz ndi Otto Braun-Falco anagwirizana ndi kampani ya Heine kupanga kachipangizo kogwira m'dzanja limodzi. Mu 1994 gulu la Stolz linafalitsa lamulo la ABCD la kachipangizoka, limene limapereka mapointi poona ngati mbali za banga zikufanana, mmene m'mphepete mwake mwathera, mitundu yake, ndi zinthu zooneka mkati mwake.

Ndimaona mbiri imeneyi ngati chitsanzo chabwino cha zimene zimachitika dokotala akatsogolera. Vuto linachokera m'chipinda choonera odwala, mmisiri anabwera kudzathandiza kulithetsa, ndipo madokotala anakonza njira yophunzitsira anzawo n'kuiyesa poyera. Ndipo popanda kachipangizoka, mapulogalamu ambiri a masiku ano sakanakhalapo, chifukwa ndi kamene kanachititsa kuti zithunzi za mabanga zizijambulidwa mofanana, pa mtunda umodzi ndi kuwala kumodzi.

Si chida chilichonse chimene chinayenda bwino chotere. Ku America, bungwe loona za mankhwala ndi zida za chipatala la FDA linavomereza makina otchedwa MelaFind mu 2011. Makinawo sankaphonya melanoma kawirikawiri, koma ankatero polangiza kuti pafupifupi banga lililonse lidulidwe, ndipo patapita zaka zochepa anasiya kugulitsidwa. Mu 2020 magazini ya BMJ inafalitsa kupenda kwa mapulogalamu a pafoni amene anthu amadzijambula nawo okha, ndipo olembawo anapeza kuti sangadaliridwe kuti agwire khansa iliyonse. Kuopsa kwa pulogalamu yotere kuli pa munthu amene yamuuza kuti palibe vuto, iye n'kukhala kunyumba chaka chathunthu. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo la AI limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo limaika zida zotere za chipatala m'gulu lofunika kuyang'aniridwa kwambiri, kuphatikizapo kuti pakhale munthu woyang'anira zimene chidacho chikunena.

Loweruka, Vienna

Tinafika usiku kudzera ku Salzburg, ndipo m'mawa tinayamba ndi chipatala chachikulu chakale chimene Mfumu Joseph II inatsegula mu 1784. Mabwalo ake tsopano ndi a yunivesite, ophunzira amakhala pa kapinga, koma m'nyumba zimenezi ndi mmene Ferdinand von Hebra anagwira ntchito. Anapatsidwa chipinda cha odwala mphere, chimene madokotala ena sankachifuna, panthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti zotuluka pakhungu ndi zoipa za m'magazi zimene thupi likutaya. Mu 1844 analemba zotsimikiza kuti mphere imayamba ndi kachilombo kolowa pakhungu ndipo imatha kachilomboko kakaphedwa. Buku lake lalikulu la zithunzi za matenda a pakhungu linajambulidwa ndi Anton Elfinger ndi Carl Heitzmann, amene anali madokotala iwo eni. Kuseri kwa mabwalowa kuli nsanja yozungulira ya Narrenturm, imene inamangidwira odwala misala ndipo lero imasunga ziwalo ndi zoumba za sera zophunzitsira. Tinaloweramo mwachidule, chifukwa zambiri zinali zofanana ndi za ku Paris.

Pabwalo la nyumba yaikulu ya yunivesite, pakati pa zosema za aphunzitsi otchuka, tinaima pa cha Moritz Kaposi, wophunzira ndiponso mkamwini wa Hebra. Mu 1872 iye anafotokoza khansa ya mabanga a pepo imene anaiona mwa amuna achikulire asanu, nthenda imene panthawiyo inali yosowa kwambiri. Patatha zaka zoposa 100, HIV itafalikira, khansa yomweyo inakhala imodzi mwa zofala kwambiri kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Aphunzitsi anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati sangathe kuwerenga tizidutswa ta khansa imeneyi timene tinadutsa pansi pa maso awo m'zaka zimene mankhwala a ARV anali asanafike kwa anthu ambiri.

Mzinda womwewu ndi umene unapereka imodzi mwa nkhokwe za zithunzi zogwiritsidwa ntchito kwambiri pophunzitsa AI. Mu 1987 Hubert Pehamberger, Andreas Steiner ndi Klaus Wolff anafotokoza kuno njira yowerengera maonekedwe a mabanga pansi pa galasi lokuza, ndipo mu 2018 Philipp Tschandl ndi Harald Kittler a ku Vienna, pamodzi ndi Cliff Rosendahl wa ku Queensland ku Australia, anatulutsa nkhokwe ya HAM10000. Muli zithunzi 10,015 zimene zinasonkhanitsidwa kwa zaka pafupifupi 20, zogawidwa m'magulu asanu ndi awiri, ndipo zoposa theka zinatsimikizidwa ku labotale. Zina anazitenga pa mafilimu akale n'kuzilowetsa m'kompyuta, anachotsa zosaoneka bwino, anagwirizanitsa chithunzi chilichonse ndi yankho lake, kenako anazipereka kwaulere kudzera m'nkhokwe ya ISIC kuti aliyense ayesere pulogalamu yake. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo siikopa atolankhani, koma mapulogalamu ambirimbiri amene akutamandidwa lero anakulira pa iyo, ndipo anaigwira ndi madokotala amene ankaona odwala masana n'kukonza zithunzi madzulo.

Komabe pa magulu asanu ndi awiri aja palibe gulu la khansa ya Kaposi, ngakhale inafotokozedwa mtunda wochepa kuchokera pamene zithunzizo zinajambulidwa. Izi sizochititsa manyazi kwa amene anasonkhanitsa, chifukwa cholinga chawo chinali mabanga a odwala a ku Austria ndi Australia, ndipo ananena zimenezo poyera. Koma pulogalamu yophunzira pa magulu asanu ndi awiri imayankha ndi limodzi mwa magulu omwewo, ngakhale itaonetsedwa chinthu chimene sinachionepo. Banga la Kaposi pamwendo wakuda ikhoza kulipatsa dzina la nthenda ina yosaopsa, ndipo wothandiza odwala amene sanauzidwe malire a chidacho sangadziwe kuti funso lake linali kunja kwa zimene chinaphunzira.

Lamulungu, Vienna

Lero sitinayende kwambiri. Tinakhala pamalo ogona tikuwerenga kafukufuku wa Tschandl ndi anzake wa mu 2020, amene anasiya funso lakuti wopambana ndani pakati pa munthu ndi makina, n'kufunsa chimene chimachitika awiriwa akagwirira ntchito pamodzi. Anthu 302 a m'mayiko 41 anayesedwa, ndipo zinaoneka kuti thandizo la pulogalamu yabwino linkakweza kulondola kwawo, makamaka kwa amene anali ndi luso lochepa. Iyi ndi nkhani yabwino kwa madera amene dokotala wa khungu mmodzi amatumikira anthu mamiliyoni, kumene odwala ambiri amaonedwa ndi anamwino ndi othandiza madokotala. Koma ofufuzawo anayesanso kuwononga dala pulogalamuyo kuti izipereka mayankho olakwika, ndipo anapeza kuti inkasocheretsa anthu a misinkhu yonse, ngakhale akatswiri. Munthu akazolowera kukhulupirira chida, amayamba kukayikira maso ake pamene anali olondola.

M'kafukufuku yemweyo muli kanthu kamene kanasangalatsa aphunzitsi kwambiri. Ofufuza atayang'ana mbali ya chithunzi imene pulogalamu inkadalira pozindikira mabanga oyamba ndi dzuwa otchedwa actinic keratosis, anapeza kuti inkayang'ana kwambiri khungu lozungulira bangalo, limene limakhala litawonongeka ndi dzuwa. Ataphunzitsa ophunzira za udokotala kuyang'ananso pamenepo, ophunzirawo anayamba kulondola. Rula ndi inki ya GV zinali zizindikiro zabodza, pamene khungu lozungulira linali chizindikiro choona, ndipo pulogalamu payokha sikanatha kusiyanitsa ziwirizi. Anasiyanitsa ndi madokotala amene akudziwa chimene dzuwa limachita pakhungu.

Mayiko ena ayamba kale kulowetsa zida zimenezi m'zipatala mosamala. Mu 2025 bungwe lolangiza za chithandizo cha chipatala la NICE ku England linalola kuti pulogalamu yotchedwa DERM igwiritsidwe ntchito kwa zaka zitatu posankha odwala ofunika kuonedwa msanga, umboni wina ukusonkhanitsidwa, ndipo linanena kuti kwa anthu a khungu lakuda kapena lodera, wachipatala aziyang'ananso zotsatirazo chifukwa umboni wa gulu limeneli ndi wochepa. Bungwe la WHO lili ndi pulogalamu ya pafoni yothandiza azaumoyo kuzindikira matenda a pakhungu onyalanyazidwa monga khate ndi mphere, ndipo mbali yake ya AI inayesedwa ku Kenya. M'chaka chomwecho cha 2025 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza kuti matenda a pakhungu ndi nkhani yofunika pa umoyo wa anthu padziko lonse. Anthu oti atsogolere ntchitoyi aliponso, pakuti sukulu ya matenda a pakhungu ya ku Moshi ku Tanzania yakhala ikuphunzitsa azaumoyo a m'mayiko ambiri a Africa kuyambira mu 1992.

Masana tinalemba pamodzi kalata yopita kwa anzathu a ntchito, yofotokoza ntchito yosonkhanitsa zithunzi za odwala athu imene tikufuna kuyamba. Tapempha kuti pakonzedwe fomu ya chilolezo yomveka kwa wodwala aliyense, ndiponso kuti komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku iione tisanajambule munthu ngakhale mmodzi. Tapempha kuti zithunzi zizijambulidwa pa kuwala kwa masana, kumbuyo kuli nsalu ya mtundu umodzi, chimodzi chapatali chosonyeza malo ndi china chapafupi, banga lisanalembedwe chizindikiro chilichonse, ndipo rula ikhale pa zithunzi zonse kapena isakhale pa chilichonse. Aphunzitsi anaumirira kuti chithunzi cha chotupa chisapatsidwe dzina la nthenda mpaka yankho la ku labotale litabwera n'kulumikizidwa nacho, ndipo anadzipereka kuyang'ananso okha tizidutswa tonse ta khansa ya Kaposi ndi ta melanoma ya kuphazi. Pa matenda osafuna kudula, monga mphere ndi zipere, tagwirizana kuti madokotala awiri aziona chithunzi aliyense payekha, ndipo akasiyana maganizo chipite kwa wachitatu. Sitima yathu yopita ku bwalo la ndege inyamuka mawa m'mamawa, ndipo kalatayo taitumiza madzulo ano kuti anzathu aiwerenge tisanafike.